Madzi a Nkhuku M'nyengo ya Chisanu: Kabuku ka Oweta Nkhuku Kuseri kwa Nyumba ku South Bend ndi Indianapolis

Kabukuka n'ka ndani

Kabuku kano talembera mabanja amene akuweta nkhuku zowerengeka kuseri kwa nyumba m'mizinda ya South Bend ndi Indianapolis, ku Indiana, ndi m'madera oyandikana nayo, makamaka ife amene ulimi wa nkhuku tinauphunzirira kumudzi, kaya ndi ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete. Zambiri zimene tinaphunzira kwathu zimagwira ntchito kunonso. Kudziwa thadzi lofuna kufungatira, kuzindikira nkhuku yodwala, kusamala mazira, zonsezi sitifunika kuphunzitsidwanso. Koma pali vuto limodzi limene agogo athu sanatiphunzitse, chifukwa iwonso sanakumane nalo: madzi a m'chomwera kuundana gwa, nkhuku n'kumajompha pamwamba pake osapeza ngakhale dontho.

Kwathu nkhuku yachikuda imadzifunira yokha madzi, kumjigo, pansi pa thandala la mbale, kapena kuseri kwa bafa. Ngakhale ku Dedza kapena ku Mzimba m'miyezi ya June ndi July, chisanu chogwa paudzu usiku chimasungunuka dzuwa likangokwera. Kuno ayi. Kuyambira kumapeto kwa November mpaka mu March, madzi osiyidwa panja amaundana usiku wambiri, ndipo pamakhala masiku otsatizana amene sasungunuka ndi masana omwe. Nkhuku ya m'khola ilibe kwina kokamwa. Madzi ake ndi amene mwaipatsa inu basi.

Mfundo ya kabuku konse ndi iyi: tenthetsani madzi, khola lisiyeni lozizira koma louma. Anthu ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Amathamangira kukoleka getsi lotenthetsa m'khola, za madzi n'kuiwala.

Chisanu cha kuno n'chotani

Madzi amaundana pa 32°F, amene ndi 0°C. Pafoni panu mukaona 20°F, dziwani kuti ndi pafupifupi -7°C, ndipo 0°F ndi pafupifupi -18°C. M'mwezi wa January, kutsika mpaka 20°F usiku ndi za masiku onse m'mizinda iwiriyi.

South Bend ili kufupi ndi nyanja ya Michigan. Mphepo yozizira ikawomba kuchokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo, imatola chinyezi panyanjapo n'kudzachikhuthula kumtunda, ndiye chifukwa chake mzindawu umalandira sinowo wopitirira mainchesi 60 pa chaka, komanso mitambo imaphimba dzuwa masiku ambiri. Ku Indianapolis, mamailosi pafupifupi 150 kummwera, sinowo ndi wochepa, mwina mainchesi 25 pa chaka. Komatu kuchepa kwa sinowo sikutanthauza kuti chisanu n'chofatsa. Pa 19 January 1994 ku Indianapolis kunazizira mpaka -27°F, ndipo tsiku lomwelo ku New Whiteland, kamtunda pang'ono kummwera kwa mzindawu, kunafika -36°F, kuzizira kumene sikunaposedwe m'mbiri ya Indiana. Mu January 2014 ndi kumapeto kwa January 2019 kunabweranso chisanu choopsa, masukulu ndi maofesi n'kutsekedwa. Masiku otere sabwera chaka chilichonse, koma woweta nkhuku ayenera kukhala ataganiziratu chochita akafika.

Chifukwa chake madzi ndiwo oyamba

Nkhuku yaikulu yathanzi siiopa kuzizira monga mmene ife timaganizira. Thupi lake limatentha pafupifupi 41°C, ndipo ikafufumitsa nthenga imasunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu. Usiku imakhalira miyendo yake, mutu n'kuubisa m'nthenga. Mitundu yolemera thupi monga Plymouth Rock, Wyandotte, Orpington ndi Black Australorp imadutsa chisanu cha Indiana m'khola lopanda chotenthetsera chilichonse. Black Australorp ndi nkhuku zakuda zija kwathu timazidziwa kuti za Mikolongwe, ndipo kuno zimagulitsidwa m'masitolo a zaulimi nthawi ya anapiye.

Koma kutentha kwa m'thupiko kumachokera ku chakudya, ndipo chakudya sichingayende popanda madzi. Chakudya cha leyazi chimene timagula m'matumba n'chouma. Chikafika m'chithokomiro chimafunika kunyowa kuti chitsike. Thadzi loikira limadya pafupifupi magalamu 120 pa tsiku, ndipo madzi limamwa kuwirikiza kawiri kulemera kwa chakudyacho, kapena kuposerapo. Powerengera, ikani pakati pa kota ndi theka la lita pa nkhuku iliyonse. Nkhuku 6 zipatseni galoni imodzi pa tsiku, imene ndi malita 3.8, ndipo zikhuta n'kutsalako.

Nkhuku ikasowa madzi imaleka kudya. Ikaleka kudya, thupi limayamba kuzizira. Apa ndi pamene chisanu chimaipeza. Mazira nawonso amaima, popeza magawo atatu mwa magawo anayi a zam'kati mwa dzira ndi madzi. Thadzi likakhala tsiku lathunthu osamwa, likhoza kusiya kuikira kwa masiku angapo, mwinanso masabata, ngakhale madziwo abwerere mawa lake.

Ena amati, "Nanga si pali sinowo, zidya ameneyo." Zimadyadi, koma sinowo ali ndi madzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwake, ndipo kuti asungunuke amalanda kutentha m'thupi la nkhukuyo. Musamudalire.

Nthawi imene nkhuku imamwa

Apa pafunika kukhazikika, chifukwa ndi pamene mabanja ogwira ntchito za mashifiti amapunthwa.

Nkhuku siona bwino mumdima. Dzuwa likangolowa imakwera pamtanda, ndipo siitsikanso kukadya kapena kukamwa mpaka kutacha. Kumapeto kwa December kuno masana amangokhala maola 9 ndi mphindi zochepa. Dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti faifi madzulo, n'kutuluka itadutsa 8 koloko m'mawa. Ndiye kuti nkhuku imakhala maola pafupifupi 14 osamwa kanthu, ndipo ikatsika m'mawa chinthu choyamba imafuna madzi.

Pamenepa tiphunzirepo zinthu ziwiri. Choyamba, madzi a usiku alibe ntchito. Ngati mulibe chotenthetsera, khuthulani chomwera madzulo n'kuchilowetsa, chisagone panja n'kuundana. Chachiwiri, madzi a m'mawa ayenera kukhalapo pa nthawi imene nkhuku zikutsika, osati pa nthawi imene inu mukuchoka. Mukathira madzi 5 koloko m'mawa pothamangira shifiti, kunja kuli 10°F, pofika 8 koloko pamwamba pa madziwo padzakhala patagwira kale. Inu mudzakhala mukuti nkhuku zanga ndazipatsa madzi, pamene sizinalawe n'komwe. Mukadzabwera madzulo zidzakhala zitakwera kale pamtanda. Masiku awiri otere, mazira atha.

Choncho musanasankhe njira, yambani mwafunsa funso ili pakhomo panu: kodi kukacha, komanso chakumasana, pamakhala munthu? Ngati alipo, kaya ndi agogo, kaya ndi mwana wopita kusukulu mochedwerapo, kaya ndi wina wa shifiti ya usiku amene amabwera m'mawa, njira yopanda magetsi ikukwanirani. Ngati nonse mumachoka kukadali mdima n'kubwera kutada, gulani chomwera cha magetsi. Palibe nzeru ina imene ingalowe m'malo mwake.

Njira yopanda magetsi

Khalani ndi zomwera ziwiri. China chikakhala kukhola, china chikhale pofunda, m'garaja kapena m'chipinda cha pansi, chikusungunuka. Kukacha pitani ndi chodzaza madzi ofunda, chakumasana kasinthanitseni, ndipo ngati kwazizira kwambiri pitaninso ola limodzi dzuwa lisanalowe kuti zimwe zisanakagone. Kumwa kwa madzulo kumeneku n'kofunika, chifukwa nkhuku imagona chithokomiro chili chodzaza ndipo chimagaya usiku wonse.

Madzi akhale ofunda, oti mungaviikemo dzanja osamva kuwawa. Owira amang'amba pulasitiki yozizira, amatha kuwotcha nkhuku yaludzu, ndipo nthunzi yake imanyowetsa khola.

Chotengera chabwino koposa pa ntchitoyi ndi beseni lakuda la labala, la mtundu umene amamwetsera mbuzi ndi mahatchi. Limapezeka ku Tractor Supply, ku Rural King ndi m'masitolo ena a zaulimi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye chidebe cha pulasitiki wamba chimasweka, chachitsulo chimatha kuphulika mumsoko. La labala limangotanuka. Mukalipeza litaundana, livundikireni pansi, pondanipo ndi nsapato, ayezi agwa yekha. Ayeziyo ndi madzi otsala muzitaya kutali ndi njira yanu, chifukwa potayapo mawa lake padzakhala poterera, ndipo kugwa ndi chidebe m'manja kwathyola anthu miyendo.

Madzi ambiri amachedwa kuundana kusiyana ndi ochepa, monga mmene phala la mumphika limachedwera kuzizira pamene la m'mbale lazizira kale. N'chifukwa chake zomwera zija zovundikira, zokhala ndi kangalande kozungulira pansi, zimakhumudwitsa m'chisanu. M'kati madzi amakhala adakalipo, koma m'kangalandemo, momwe nkhuku imamwera, ndi momwe mumayamba kugwira. Tizitsulo tomwera tija tolendewera pansi pa chidebe, toti nkhuku ikajompha tidonthe madzi, timagwiranso msanga kwambiri.

Mukhoza kuchedwetsa kuundana. Musakhazike beseni pasimenti kapena panthaka youndana, liikeni pathabwa. Tengani tayala lakale, dzazani m'kati mwake ndi udzu wouma kapena utuchi, beseni n'kulikhazika pakati. Liikeni pamalo owomba dzuwa, ndipo kumbukirani kuti kuno dzuwa la m'nyengo yozizira limadzera kummwera, osati kumpoto monga la kwathu mu June. Mbali ya kumadzulo ndi ya kumpoto ya mpanda wa nkhuku itchingeni ndi pepala la pulasitiki loonekera, m'mwamba n'kusiya mpata wa mpweya. Mphepo imafulumizitsa kuundana kwambiri, ndiye kuitchinga kokha kumakuwonjezerani nthawi. Komabe nzeru zonsezi zimangochedwetsa, siziletsa. Kukatsika pansi pa 15°F, makamaka ku South Bend kumene dzuwa limasowa masiku ambiri, miyendo yanu ndiyo imagwira ntchito.

Mpope wa panja musauwerengere. Paipi yothirira maluwa iyenera kuchotsedwa pampopepo chisanu chisanayambe, apo ayi madzi amaundana m'kati n'kuphulitsa paipi ya m'khoma. Madzi a nkhuku muzitunga m'nyumba, m'chigubu chotsekeka kuti asakutayikireni m'zovala.

Njira ya magetsi

Zotenthetsera madzi zilipo zamitundu ingapo. Pali chitsulo chozungulira chokhazikapo chomwera chachitsulo, chimene m'sitolo amalemba kuti heated base. Pali chomwera cha pulasitiki chokhala ndi chotenthetsera m'kati mwake. Pali mbale ya magetsi yomwetsera agalu, imene ndi yotsika mtengo ndipo imakwanira nkhuku zochepa. Palinso kachipangizo komiza m'chidebe, de-icer. Zambiri mwa izi zili ndi thermostat, kutanthauza kuti zimadziyatsa zokha kukatsika cha m'ma 35°F, n'kudzizimitsa kukafunda. Ntchito yake si kuphika madzi koma kungowaletsa kuundana, ndiye mukagwira madziwo n'kupeza ali ozizira, musati chawonongeka.

Werengani zolembedwa pabokosi. Heated base yambiri anaipangira chomwera chachitsulo, ndipo pulasitiki pamwamba pake ikhoza kusungunuka. Onaninso kuti analemba kuti chimapirira kuzizira kofika pati, popeza zina zimagonja kukafika 0°F. Ngati mukugwiritsa ntchito chomwera chachitsulo chopakidwa zinki, musathiremo viniga monga ena amachitira, amadya chitsulocho.

Za bilu musade nazo nkhawa kwambiri. Chotenthetsera cha mawati 100 chikayaka usana ndi usiku osazima chimadya mayuniti 2.4 pa tsiku, amene ndi mayuniti 72 pa mwezi, ndipo chifukwa cha thermostat sichifika pamenepo. Mtengo wa yuniti uli pabilu yanu ya Indiana Michigan Power ngati muli ku South Bend, kapena ya AES Indiana ngati muli ku Indianapolis.

Chofunika kuda nacho nkhawa ndi chingwe. Madzi, magetsi, utuchi wouma ndi nkhuku zouluka zili malo amodzi, ndiye musachite zongolumikiza.

Soketi ikhale ya GFCI, ija yokhala ndi timabatani tiwiri tolembedwa TEST ndi RESET. Imadula magetsi nthawi yomweyo ikangomva kuti akuthawira m'madzi kapena m'thupi la munthu. Nyumba zakale zambiri zilibe soketi yotere panja. Zikatero gulani GFCI yongobaya pasoketi, kapena itanani wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, yambani mwafunsa eni ake. Dziwaninso kuti GFCI ikadula, siichenjeza munthu. Chotenthetsera chimangozima mwakachetechete, madzi n'kuundana. Ndiye ngakhale muli ndi magetsi, onani madziwo ndi maso anu tsiku lililonse.

Chingwe chikhale chimodzi, cholembedwa kuti ndi chogwiritsa ntchito panja, chokhuthala bwino, cha mapini atatu, ndipo chotalika kufika kukhola popanda kulumikiza ziwiri kapena zitatu. Pokumana pulagi ndi chingwe pakhale m'mwamba, m'kabokosi koletsa madzi, osati pansi pomwe sinowo akasungunuka padzakhala chithaphwi. Chisapanikizidwe ndi chitseko. Ikani zizindikiro m'njira yake kuti pokolopa sinowo ndi fosholo musachidule. Gawo lolowa kwa nkhuku lipisitseni m'paipi ya pulasitiki, chifukwa makoswe amatafuna zingwe, nkhuku nazonso zimajompha. Chotenthetseracho chikhazikeni panjerwa kapena pasilabu ya simenti yosapendekeka, utuchi ndi udzu zitalikire. Chingwe chotere ndi cha nyengo imodzi. Ngati ulimiwu ndi wokhalitsa, n'kwabwino wa zamagetsi akukokereni waya weniweni mpaka kukhola.

Pali ena amapanga chawochawo, kuika babu m'chitini cha mabisiketi, chomwera n'kukhazika pamwamba. Sitikulimbikitsa. Mababu a LED amene adzaza m'masitolo masiku ano satentha mokwanira, ndipo waya wolumikiza pamanja pansi pa madzi ndi ngozi yodziyitanira.

Getsi lotenthetsa khola: ayi

Getsi lofiira lija la mawati 250 ndi la anapiye, osati la nkhuku zazikulu. M'khola muli fumbi, nthenga ndi utuchi, ndipo nkhuku ikadzidzimuka usiku n'kuliwomba ndi phiko, likagwa, moto wabuka. M'mizinda muno khola limakhala pafupi ndi garaja, mpanda wamatabwa ndi nyumba ya oyandikana nawo, ndiye sikuti mungotaya nkhuku zokha. Vuto lina ndi lakuti nkhuku yozolowera kufunda siikonzekera chisanu, ndiye magetsi akathima pakati pa usiku wozizira imavutika kuposa inzake yosazolowera. Ndipo getsilo, ndi mawati ake onsewo, nthawi zambiri silifikira n'komwe madzi amene ali pansi pakona. Mababu ena osasweka amawakuta ndi Teflon, imene ikatentha imatulutsa mpweya wopha mbalame. Mbaula ya makala, kandulo kapena chitofu cha gasi zisalowe m'khola ngakhale kwa ola limodzi.

Nzeru zina zimene mudzamve

Mudzauzidwa kuti muike botolo la madzi amchere, lotseka bwino, liziyandama m'chomwera. Madzi a m'botolomo amachedwadi kuundana chifukwa cha mcherewo, koma botolo silipanga kutentha. Madzi olizungulira amaundana pa 32°F monga mwa nthawi zonse. Timipira toyandama n'chimodzimodzi: timathandiza pang'ono pokhapokha mphepo ikamatigwedeza ndipo chisanu chili chochepa.

Zoopsa ndi ziwiri izi. Musathire mchere m'madzi akumwa. Mchere wokwanira kuletsa kuundana ndi wokwaniranso kupha nkhuku. Ndipo antifreeze ya galimoto, ngakhale kadontho, ndi poizoni kwa nkhuku, galu ndi mwana yemwe. Mchere wothira m'njira posungunula ayezi usafikenso komwe nkhuku zimapalasa.

Chomwera chikhale pati

Mdani wa nkhuku m'chisanu ndi chinyezi. Mpweya umene nkhuku zimapuma ndi zitosi zake zimatulutsa kale chinyezi chambiri usiku. Mukawonjezerapo chomwera chotayikira ndi khola lotsekedwa ponseponse, chinyezicho chimakhala palipombo, patiminofu tolendewera pansi pa mlomo ndi pazala, n'kuundana pomwepo. Khola lonyowa limavulaza nkhuku pa kuzizira kumene khola louma silikanaivulaza.

N'chifukwa chake malo abwino a madzi ndi panja pa chipinda chogona, mumpanda wofoleredwa, wotchingidwa mphepo. Ngati kwavuta ndipo nkhuku sizikutuluka, lowetsani madzi masana, muwatulutse madzulo. Kwezani chomwera chifike msinkhu wa msana wa nkhuku kuti zisapondemo kapena kupalasiramo utuchi. Ngati beseni ndi lalikulu kukamwa, vundikirani mbali ina ndi thabwa kuti pomwera pachepe. Tambala ndi nkhuku za malipombo aakulu, monga Leghorn, zimaviika timinofu tija m'madzi pomwa, ndipo tikanyowa timapsa ndi chisanu msanga.

Mipata ya mpweya ikhale m'mwamba, pamwamba pa mitu ya nkhuku zikakhala pamtanda, yotchingidwa ndi waya wa sefa wolimba, ndipo musaitseke ngakhale kuzizire bwanji. Lowani m'khola m'mamawa. Mukaona mame kapena chisanu chamatirira kudenga ndi pawindo cham'kati, kapena fungo la zitosi likukulasani m'maso, mpweya ukuchepa. Utuchi wonyowa uchotseni tsiku lomwelo. Mtanda wogonapo ukhale wathabwa lotambalala, kuti nkhuku ikakhala ifunditse zala zonse ndi nthenga za pamimba, wachitsulo ayi.

Lipombo lopsa ndi chisanu limayamba kuyera kunsonga, kenako n'kuda. Musalitikite, musalidule, musaliwothetse pamoto. Ikani nkhukuyo pamalo osazizira kwambiri, kutali ndi zinzake zimene zingamaijomphe, ndipo pakatupa kapena kutuluka mafinya pitani nayo kwa dokotala wa ziweto. Ena amapaka Vaseline pofuna kuteteza, koma mafutawo sangakonze khola lonyowa.

Magetsi akathima

Mphepo yamkuntho ndi mvula youndana zimagwetsa mawaya, ndipo zimachitika pa nthawi yomweyo imene kwazizira koposa. Choncho ngakhale muli ndi chomwera cha magetsi, beseni la labala likhalepo, ndi zigubu ziwiri za madzi zosungidwa m'nyumba. A zanyengo a National Weather Service amachenjeza kukadali masiku, ndiye mukamva kuti kukubwera chisanu choopsa, gwirizanani m'banjamo kuti akapereke madzi ndani, nthawi yanji. Tsiku lotero musalimbane ndi kusunga madzi tsiku lonse. Pitani katatu, imani pomwepo mpaka muone kuti iliyonse yamwa, kuphatikizapo ija yoopa zinzake, kenako khuthulani beseni.

Chothandizanso ndi kusakaniza chakudya chake chomwecho ndi madzi ofunda, chikhale chofewa. Perekani chochepa, choti zimalize chisanaundane. Mazira muzitola kawirikawiri, chifukwa nawonso amaundana n'kung'ambika, ndipo dzira long'ambika lisadyedwe.

Nkhuku imene yasowa madzi imaoneka yofooka, lipombo limafota, siidya, ndipo chithokomiro chimalimba. Itengereni pofunda pang'ono, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzi ofunda, imwe yokha. Musaitsanulire madzi kukhosi, angalowe m'njira ya mpweya.

Ambiri timakonda kupita kumudzi mu December. Amene mukumusiyira nkhuku musangomuuza kuti "muzizionako." Musonyezeni soketi, batani la RESET, beseni lapadera ndi potunga madzi, ndipo mugwirizane kuti azifika kutacha, osati usiku pochokera kuntchito.

Ukhondo ndi matenda

Kuzizira sikuchotsa udindo wotsuka. Chomwera cha magetsi, popeza madzi ake sazizira kwambiri, chimachita ndere ndi litsiro monga cha m'chilimwe. Chitsukeni ndi sopo kamodzi pa sabata, mutachizula kaye kumagetsi. Musachitsukire musinki ya kukhitchini, ndipo chomwera chosungunuka chija chisakhale pafupi ndi zakudya. Nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, imatha kunyamula tizilombo ta Salmonella, ndipo a zaumoyo a CDC amalangiza kuti ziwiya za nkhuku zizitsukidwira kunja kwa nyumba. M'chisanu gwiritsani ntchito ndowa yakeyake m'garaja, kenako sambani m'manja ndi sopo.

Dera lonse likaundana, madzi osaundana amaitana mpheta, makoswe ndi zina zakutchire. Kwathu tinkaopa chitopa. Kuno nkhawa yaikulu ndi chimfine cha mbalame. Mu February 2022 matendawa anapezeka pafamu ya nkhukundembo m'boma la Dubois, kummwera kwa Indiana, ndipo kuyambira pamenepo akhala akubukabuka m'madera osiyanasiyana. Amayenda ndi abakha ndi atsekwe akutchire. Ndiye chomwera chikhale pansi pa denga ndi m'kati mwa waya, ndipo musatungire nkhuku madzi a padziwe kapena a mumtsinje wa St. Joseph kapena White. Nkhuku zingapo zikafa mwadzidzidzi, musazidye kapena kugawira anzanu. Dziwitsani a Indiana State Board of Animal Health.

Malamulo ndi kopeza thandizo

Kwa eni kulibe mkuwe. Mu 2013 khonsolo ya South Bend inavomereza kuweta nkhuku mumzinda, koma mathadzi osapitirira 6, popanda tambala, ndipo pamafunika chilolezo. Ku Indianapolis malamulo amalola mpaka nkhuku 12 ndi tambala mmodzi, amene ayenera kutsekeredwa usiku. Mizinda ina monga Mishawaka, Elkhart, Carmel, Fishers ndi Greenwood ili ndi malamulo akeake, ndipo bungwe la eni nyumba la m'dera lanu kapena mwini nyumba akhoza kuletsa ngakhale mzinda utalola. Malamulo amasintha, ndiye funsani kuofesi ya mzinda musanagule anapiye.

Alangizi a zaulimi kunonso aliko. Purdue Extension ili ndi ofesi m'maboma onse 92 a Indiana, kuphatikizapo St. Joseph, kumene kuli South Bend, ndi Marion, kumene kuli Indianapolis. Ku Purdue University ku West Lafayette kulinso labotale yoyeza matenda a ziweto, imene imalandira ndi nkhuku zomwe.

Zida zonse zikhale zitakonzeka mwezi wa October usanathe, chifukwa chisanu choyamba chikangogwa, zomwera za magetsi zimatha msanga m'masitolo. Tulutsani chotenthetsera cha chaka chatha, yang'anani chingwe chonse ngati makoswe sanachitafune, dinani TEST ndi RESET pasoketi, ndipo m'mawa woyamba wozizira mukaone ngati chayaka. Ngati pali banja lina la kwathu limene layamba kumene kuweta nkhuku chaka chino, lipatseni kabukuka liwerenge November asanafike.